Nthaka ikaleka kugwedezeka: kuchira m'maganizo kwa opulumuka ku chivomezi, ndi zomwe azaumoyo a ku Thyolo ayenera kudziwa

Mu Disembala 2009 nthaka ya ku Karonga inagwedezeka kwa masabata awiri. Chivomezi choyamba chachikulu chinachitika pa 6 Disembala, china pa 8, ndipo champhamvu kuposa zonse, cha muyeso wa 6.0, chinabwera pakati pa usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu anayi anamwalira, ambiri anavulala, ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Linali dzinja, komabe mabanja ochuluka, ngakhale omwe nyumba zawo zinali chilili, ankagona panja. Kwa iwo mvula ndi udzudzu zinali zopiririka kusiyana ndi kugona pansi pa denga losadziwika ngati licha lili pamwamba.

Malipoti a ngozi amawerenga akufa, ovulala ndi nyumba zogwa. Mantha, chisoni ndi kusowa tulo kwa otsala sizilowa m'ziwerengerozo, chonsecho ndi zimene zimabweretsa anthu kuchipatala miyezi yambiri pambuyo pake. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akugwirizana pa mfundo imodzi: opulumuka ambiri amachira okha, malinga apeze chitetezo, abale ndi njira yopezera chakudya. Ntchito ya wazaumoyo ndi kuteteza zinthu zochiritsazi, kenako kufufuza ochepa omwe sakuchira ndi kusawataya thandizo la mwadzidzidzi likatha.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Thyolo

Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa, momwe nthaka ikutseguka pang'onopang'ono. Pa 10 Marichi 1989 chivomezi cha ku Salima chinapha anthu osachepera 9 ndi kusiya pafupifupi 50,000 opanda pokhala. Kum'mwera, m'mbali mwa zitunda zolekanitsa mapiri a Thyolo ndi chigwa cha Shire, mwadutsa mng'alu wa pansi pa nthaka wotalika pafupifupi makilomita 85, womwe akatswiri a miyala anautcha dzina la bomali ndipo anapeza kuti ukadali wamoyo. Pa 8 Marichi 2018 chivomezi chomwe chinayambira cha ku Nsanje chinamveka m'maboma ambiri a kum'mwera mpaka ku Blantyre. Palibe katswiri angatchule tsiku la chivomezi chotsatira. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ngozi yofanana nayo anthu a ku Thyolo anaiona kale. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kugwetsa nyumba, ndipo Thyolo inali m'gulu la maboma omwe Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza pa 13 Marichi kuti agwa m'tsoka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Kugumuka kwa phiri ndi chivomezi zimasiya bala lofanana m'maganizo: zonse zimadza mosachenjeza, zimasandutsa nyumba kukhala malo oopsa, ndipo zimakwirira anthu ena osapezekanso.

Zomwe zimachitika m'thupi masiku oyamba

Munthu akakumana ndi imfa maso ndi maso, ubongo umachenjeza thupi lonse kuti lithawe kapena lilimbane. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imalimba, ndipo makutu amatchera kaphokoso kalikonse. Ngozi ikadutsa, tcheru chimenechi sichizima tsiku lomwelo. N'chifukwa chake opulumuka amasowa tulo, amalota zoopsa, amadzidzimuka, sachedwa kupsa mtima, kapena amangokhala duu ngati sakumva kanthu. Ana amakakamira amayi awo, ena amayambiranso kukodza pogona.

Chivomezi chili ndi vuto lake lapadera, loti chimabwerezabwereza. Tizivomezi totsatira chachikulu tingapitirire kwa masabata kapena miyezi, ndipo kalikonse kamauza thupi kuti ngozi sinathe. Pa esiteti ya tiyi, kunjenjemera kwa nthaka thalakitala yonyamula masamba ikamadutsa, kapena mkokomo wa makina a m'fakitale, zingakwanire kuthamangitsira munthu panja.

Zonsezi, m'masabata oyamba, si matenda. Ndi mmene thupi labwinobwino limayankhira chinthu choopsa. Kungomva wazaumoyo akunena zimenezi momveka kumatsitsa mtima wa anthu ambiri, makamaka omwe ayamba kuopa kuti akupenga kapena alodzedwa.

Njira zomwe anthu amadutsamo

Ofufuza omwe amatsata opulumuka kwa miyezi ndi zaka amaona magulu angapo. Gulu lalikulu limavutika kwa masiku kapena masabata kenako n'kubwerera ku ntchito zake. Gulu lina limavutika kwa miyezi, koma limachira pang'onopang'ono. Gulu laling'ono silichira popanda thandizo. Palinso ena omwe amaoneka olimba poyamba, ali kalikiliki kumanga nyumba ndi kusamala ana, koma amagwa mphwayi zinthu zikakhala bata.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa chiwerengero chakuti m'madera omwe munachitika nkhondo, anthu 22 mwa 100 aliwonse amakhala ndi vuto la m'maganizo, ndipo 9 mwa 100 vuto lawo limakhala lapakati kapena lalikulu. Ngakhale chiwerengerochi n'cha kunkhondo, chimathandiza pokonzekera ngozi zina. Chikutanthauza kuti pa msasa wa anthu 1,000, omwe angafunike thandizo la akatswiri akhoza kuyandikira 90, ndipo ambiri mwa otsalawo chomwe akusowa ndi pogona, chakudya ndi anthu awo.

Omwe ali pa chiopsezo chachikulu amadziwika. Ndi amene anakwiriridwa kapena kuvulala, amene anaferedwa, amene anaona mitembo kapena kuifukula, amene anali kale ndi vuto la m'maganizo, ndiponso amene umphawi wawapanikiza ngozi itadutsa. Chivomezi cha ku Spitak m'dziko la Armenia mu 1988 chitachitika, ofufuza anapeza kuti ana a m'tawuni yoyandikira pomwe chinayambira anali ndi zizindikiro zamphamvu kuposa a kutali, ndipo omwe analandira uphungu kusukulu anapezako bwino kuposa omwe sanalandire.

Kumbukiraninso kuti ngozi imapeza anthu atasenza kale katundu. Kafukufuku wina yemwe anachitikira pa chipatala cha boma cha Thyolo, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti pafupifupi amayi atatu mwa khumi aliwonse obwera ndi makanda ku katemera anali ndi zizindikiro za nkhawa kapena kukhumudwa. Apo n'kuti kulibe chivomezi kapena namondwe.

Zomwe zimachiritsa, ndi momwe moyo wa pa esiteti ungazisokonezere

Mu 2007 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Stevan Hobfoll linaunika umboni womwe unalipo n'kutchula zinthu zisanu zothandiza anthu kuchira ngozi yaikulu ikachitika: kumva kuti ali otetezeka, kukhazikika mtima, kuona kuti angathe kudzichitira kanthu, kukhala pamodzi ndi anzawo, ndi chiyembekezo. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimafuna mankhwala. Koma chilichonse chimadalira mmene anthu akukhalira, ndipo m'dera la tiyi muli zinthu zofunika kuziganizira.

Choyamba ndi malipiro. Tiyi amathyoledwa kwambiri m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ambiri mwa othyola amalembedwa ntchito ya nyengo imeneyi yokha. Zomwe munthu amapita nazo kunyumba zimadalira masiku omwe wagwira ndi kulemera kwa masamba pa sikelo. Mayi yemwe sakugona usiku, manja akunjenjemera, sangafikitse makilogalamu ake. Malipiro akatsika nkhawa imakula, nkhawa ikakula tulo timathawiratu. Wazaumoyo amene walemba kalata yomveka yopita nayo kwa kapitawo, kapena wapempha kuti wodwala apatsidwe ntchito yopepuka kwa masabata angapo, wadula chingwe chimenechi.

Chachiwiri ndi nyumba. Kwa okhala m'nyumba za kampani, ntchito ndi pogona ndi chinthu chimodzi, kotero mantha otaya china amabweretsa mantha otaya chinzake. Kwa okhala m'midzi yozungulira, momwe malo ndi ochepa ndipo nyumba zambiri zili m'malo otsetsereka, funso lakuti amangenso pati limawasowetsa mtendere. Yankho loona, ngakhale losakoma, limathandiza kuposa malonjezo osatsimikizika.

Chachitatu ndi ubale. Ogwira ntchito ena ndi obwera, ochokera m'maboma ena kapena ku Mozambique. Alibe eni mbumba pafupi, ndipo mayina awo akhoza kusowa m'kaundula wa mfumu pomwe thandizo likugawidwa. Odzipereka ayenera kuwafunafuna mwadala. Kufunika kwa ubale kunaonekera ku Kobe, m'dziko la Japan, chitachitika chivomezi cha 1995: okalamba ambiri omwe anasamutsidwira m'nyumba zongoyembekezera, kutali ndi anansi awo akale, anafa okhaokha n'kupezeka patapita masiku. Posamutsa anthu kupita ku misasa kapena ku malo atsopano, a mudzi umodzi, mpingo umodzi kapena gulu limodzi la banki m'khonde asamwazikane.

Chachinayi ndi maliro. Kusonkhana pa siwa, kuika m'manda ndi miyambo yotsatira zimathandiza banja kuvomereza imfa. Mtembo ukapanda kupezeka, monga zinachitikira mabanja ambiri nthawi ya Freddy, chisoni chimasowa pothera. Kukambirana ndi mafumu ndi atsogoleri a mipingo kuti pakhale mwambo wokumbukira osowawo ndi ntchito ya zaumoyo ndithu.

Anthu amafunanso tanthauzo la zomwe zawagwera. Ena amati wadutsa ndi Napolo, ena amati ndi chilango, ena amaloza mfiti. Wazaumoyo safunika kutsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu. Udindo wake ndi kupereka uthenga woona, monga wakuti tizivomezi totsatira timachepa nthawi ikamapita, ndi kuchitapo kanthu msanga ngati mphekesera zayamba kuika nkhalamba kapena munthu wina aliyense pa chiopsezo.

Thandizo la masiku oyamba

Mu 2011 bungwe la WHO ndi mabungwe anzake anatulutsa ndondomeko ya thandizo loyamba la m'maganizo, yomwe mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi kapena wodzipereka wa Red Cross angaigwiritse ntchito. Ili ndi masitepe atatu.

Kuyang'ana. Kodi malowo ndi otetezeka? Ndani wavulala? Ndani wakhala yekha, osayankhula, kapena akungoyendayenda osadziwa komwe ali? Kodi pali ana opanda wamkulu?

Kumvetsera. Wothandiza amadzitchula dzina, amakhala pansi pafupi ndi munthuyo, amafunsa chomwe akusowa, n'kudikira. Ngati munthu akupuma mofulumira, amamuthandiza kukoka mpweya pang'onopang'ono, mapazi ali pansi, akutchula zinthu zomwe akuziona pomuzungulira.

Kulumikiza. Munthuyo amafunika kufikitsidwa kwa abale ake, ku chakudya, ku madzi, ku uthenga woona ndi ku mankhwala ake. Omwe amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a matenda a m'maganizo nthawi zambiri amataya mankhwala ndi mabuku awo a kuchipatala nyumba ikagwa. Kuwabwezeretsa pa mankhwala m'masiku oyamba kumapewa mavuto aakulu, makamaka m'boma ngati Thyolo momwe omwa ma ARV ndi ochuluka.

Pali zinthu ziwiri zomwe WHO imaletsa. Choyamba ndi kusonkhanitsa opulumuka kuti aliyense afotokoze mwatsatanetsatane zomwe anaona, pa mkumano umodzi wokha. Kafukufuku anaonetsa kuti njirayi siteteza munthu ku matenda, ndipo ena imawawonjezera ululu. Wofuna kuyankhula amvetseredwe, wosafuna asakakamizidwe. Chachiwiri ndi kupereka mankhwala ogonetsa monga diazepam chifukwa cha mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba. Mankhwalawa sachiritsa vutoli, akhoza kuchedwetsa kuchira, ndipo thupi limawazolowera msanga.

Mawu enanso ndi ofunika kuwapewa. Kuuza mayi woferedwa kuti alimbe mtima chifukwa ena ataya ana ambiri kumamutseka pakamwa. Kungokhala naye chete, kapena kumufunsa kuti mwanayo anali wotani, kumamuthandiza kwambiri.

Mwezi ukatha: kuzindikira omwe sakuchira

Pakatha masabata anayi, zizindikiro za anthu ambiri zimakhala zikuchepa. Apa m'pamene wazaumoyo ayenera kutchera khutu. Kawirikawiri wodwala sabwera n'kunena kuti ali ndi vuto la m'maganizo. Amadandaula mutu waukulu, mtima kuthamanga, kuphwanya thupi, kutentha m'mimba kapena kufooka. Akamuyeza malungo sapezeka, amapatsidwa panado, sabata yotsatira wabweranso. Wodwala wobwerabwera ndi madandaulo otere, zoyeza zonse zili bwino, afunsidwe mafunso atatu: Mukugona bwanji? Kodi mukuganiza kwambiri? Ndi ntchito ziti zomwe munkagwira kale koma pano zikukukanikani?

Mavuto omwe amapezeka kwambiri ndi awa. Matenda okhumudwa amadziwika pamene munthu wakhala wosasangalala kapena wosafuna chilichonse pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, mpaka kulephera ntchito zake. Matenda omwe madokotala amawatcha PTSD ali ndi mbali zitatu: ngoziyo imabwerera m'maloto kapena masana ngati ikuchitikanso, munthu amapewa chilichonse chomukumbutsa, monga kulowa m'nyumba ya njerwa, ndipo amakhala tcheru nthawi zonse. Chisoni chosatha ndi pamene woferedwa, patadutsa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa nthawi yomwe mwambo umayembekezera, akulepherabe kuyambiranso moyo. Mwa abambo ambiri ululu umabisala mu kachasu, ndewu ndi nkhanza za m'banja. Mwa ana umaonekera pokana sukulu, kutsika m'kalasi, kapena kusewera masewera a nyumba zogwa mobwerezabwereza.

Zida zofufuzira zilipo m'Chichewa. Mndandanda wa mafunso 20 wa SRQ-20, woyankhidwa ndi inde kapena ayi, unamasuliridwa ndi kuyesedwa pakati pa amayi a m'dziko muno, ndipo mayankho a inde 8 kapena kuposa amasonyeza kuti munthuyo aunikidwe mozama. Mndandanda wa PHQ-9 nawonso unayesedwa m'Chichewa. Zidazi sizipereka dzina la matenda. Zimangoloza amene afunika kuonana ndi namwino kapena dokotala wophunzira za m'maganizo.

Ena sayenera kudikira mwezi. Atumizidwe kuchipatala tsiku lomwelo ngati akuganiza zodzipha kapena kuvulaza ena, ngati akumva mawu kapena kuona zinthu zomwe ena sakuziona, ngati asokonezeka osadziwa malo ndi nthawi, kapena ngati aleka kudya, kumwa kapena kuyamwitsa. Wosokonezeka mutu chivomezi chitachitika ayambe waunikidwa ngati anamenyedwa ndi chinthu m'mutu. Kufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumudzala maganizowo. Akavomera, asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala ophera tizilombo, omwe amapezeka m'nyumba zambiri za alimi, achotsedwe pafupi naye. Pa nkhani zokhudza ana, nambala yaulere ya 116 ingathandize.

Thandizo lomwe limagwira ntchito

Akatswiri a matenda a m'maganizo ndi ochepa m'dziko muno, koma umboni ukusonyeza kuti anthu wamba ophunzitsidwa bwino, okhala ndi wowayang'anira, angathandize ambiri. Ku Harare, Dixon Chibanda ndi anzake anaphunzitsa agogo a m'madera kupereka uphungu wothetsa mavuto atakhala pa benchi kunja kwa chipatala. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala omwe anakhala pa Friendship Bench anapezako bwino kuposa omwe analandira chithandizo cha nthawi zonse, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi. Ndondomeko ina ya WHO, yotchedwa Problem Management Plus, ili ndi mikumano isanu, kamodzi pa sabata, ndipo inayesedwa ku Pakistan ndi ku Kenya. Imaphunzitsa munthu kukhazika thupi pansi popuma, kugawa vuto lalikulu m'tizigawo, kuyambiranso ntchito zazing'ono za tsiku ndi tsiku, ndi kubwerera kwa anzake.

Pa mantha olowa m'nyumba, mfundo yake ndi yosavuta: kupewa kumadyetsa mantha. Nyumba ikatsimikizidwa kuti ndi yolimba, munthu ayambe kukhalamo mphindi zochepa masana ali ndi mnzake, kenako nthawi yotalikirapo, mpaka adzagonemo.

Odwala matenda okhumudwa apakati kapena aakulu angafunike mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, operekedwa ndi wophunzira. Wodwala auzidwe kuti mankhwalawa amatenga masabata angapo asanayambe kugwira ntchito, ndiponso kuti asawasiye akangopezako bwino. Amitriptyline ndi woopsa akamwedwa wambiri, choncho woganiza zodzipha asapatsidwe wa mwezi wonse m'manja. Njira yotumizira odwala imayambira ku chipatala cha pa esiteti kapena chaching'ono cha m'dera, kupita ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa, kenako ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku chipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba.

Wothandiza nayenso ndi wopulumuka

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera logwa ngozi amakhala kuti nayenso nyumba yake yang'aluka, mwina waika m'bale. Omwe anafukula mitembo ali m'gulu la anthu omwe ali pa chiopsezo chachikulu. Oyang'anira ntchito aonetsetse kuti anthu akusinthana, akugona, akudya, ndipo akugwira awiriawiri. Wodzipereka amene wayamba kukalipira odwala, kumwa kwambiri kapena kuzemba ntchito afunsidwe mwaulemu mmene akumvera asanadzudzulidwe.

Zoyenera kukonzeratu

Thandizo la mabungwe limachuluka m'masabata oyamba n'kuchepa pomwe mavuto a m'maganizo ayamba kuonekera. Chipatala chilichonse cha m'dera la tiyi chingakonzekere lero, ngozi isanadze. Pakhale mndandanda wa odwala omwe sayenera kudukiza mankhwala, wosungidwa m'malo awiri. Alangizi a zaumoyo, makomiti a m'midzi oona za ngozi, aphunzitsi ndi akapitawo aphunzitsidwe thandizo loyamba la m'maganizo. Aliyense adziwe dzina ndi nambala ya namwino wa za m'maganizo wa pa boma. Pakhalenso mgwirizano ndi oyang'anira maesiteti wa momwe wogwira ntchito wodwala m'maganizo angapumire kapena kupeputsidwa ntchito osaopa kuchotsedwa.

Ngozi ikachitika, mayina a oferedwa, ovulala, ofukula mitembo ndi obwera opanda abale alembedwe m'kaundula, ndipo ayenderedwe pakatha mwezi umodzi, miyezi itatu, isanu ndi umodzi, ndi chaka. Ulendo wina ukonzedwe mvula yoyamba ikamagwa, pakuti mabingu ndi kugogoda kwa madontho pa malata zimadzutsa zomwe zinaoneka ngati zagona. Othyola tiyi a nyengo imodzi amabwerera kwawo dzinja likatha, choncho asanachoke apatsidwe kalata yopita nayo ku chipatala cha kwawoko.